Mmene mungathandizire mwana, ngakhalenso wamkulu, kudziwa kuyankhulana ndi anthu

Kuno ku Zomba mwana wopanda moni sitimulekerera. Akadutsa akuluakulu ali duu, kaya ndi ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Matawale, dzuwa lisanalowe nkhani imakhala yawapeza kale amake. Mbali imeneyi timaigwira bwino, ndipo tisaitaye. Koma pali mbali ina imene timangoisiya kuti idzabwera yokha. Mwana yemweyo wodziwa kugwada ndi kulandira ndi manja awiri, mukamufunsa kuti ndalama ya mchere yatayika bwanji, amangozyolika n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Akakula amakhala bambo amene amatuluka m'chipinda cha dokotala atavomera zonse kuti "eya, eya", koma osadziwa kuti mapiritsiwo azimwa kangati. Kapena amakhala mayi amene pa banki m'khonde amaona kuti masamu sakuyenda, koma nkhaniyo amakaidandaulira kunyumba.

Ulemu ndi kudziwa kuyankhulana ndi anthu zimayendera limodzi, koma china sichilowa m'malo mwa chinzake. Kuyamba nkhani, kudikira mnzako amalize, kufunsa pamene sunamve, kukana popanda kunyoza, kufotokoza chinthu mpaka amene kunalibe achione m'maganizo, zonsezi zimachita kuphunziridwa, ndipo munthu amaziphunzira pozichita. Njira yake ndi imodzimodzi kwa khanda ndi kwa munthu wa imvi, n'chifukwa chake ndaziika pamodzi.

Choyamba, onani kaye musanayambe kukonza

Tengani sabata yathunthu mukungoyang'ana, osadzudzula. Mawu oti "ndi wamanyazi" kapena "ndi wamwano" amabisa zambiri. Mwana wina amalongolola ali ndi anzake pabwalo, koma akaona mlendo pakamwa pamauma. Wina amayankhula ndi aliyense koma samvera zimene mnzake akunena, amangopitiriza zake. Wina amadula anthu mawu. Wina akapsa mtima mawu amamuthera n'kuyamba kumenya. Awa ndi mavuto osiyana ndipo kathandizidwe kake n'kosiyananso. Sankhani limodzi lokha, limene likumusowetsa mtendere iyeyo, osati limene likukuchititsani manyazi inuyo pamaso pa alendo.

M'sabata yomweyo yesani makutu. Ndaika zimenezi patsogolo dala, chifukwa pali ana amene amatchedwa amwano kapena ogona m'kalasi pomwe vuto lawo ndi kusamva bwino. Khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi zimatha kuwononga kumva. Imani kumbuyo kwake pamene sakukuonani, mumuitane motsitsa mawu, mbali ino kenako mbali inayo. Ngati satembenuka, ngati amangoyang'anitsitsa pakamwa panu mukamayankhula, kapena amakweza wailesi mopyola muyeso, pitani naye kuchipatala. Ndipo ngakhale atatembenuka koma mtima wanu ukukayikabe, pitani ndithu, chifukwa kuyesa kwa pakhomo sikuona zonse.

Ana sakula mofanana, komabe pali zizindikiro zimene azaumoyo amayang'ana. Pofika miyezi 2 khanda limamwetulira munthu akamaliseketsa. Cha m'miyezi 6 mpaka 9 limayamba "bababa, mamama". Pokwanitsa chaka mwana amatembenuka akaitanidwa dzina, amabayibitsa, ndipo ambiri amakhala ayamba kutchula liwu limodzi kapena awiri. Posakhalitsa amaloza chinthu n'kukuyang'anani kuti nanunso muchione. Pa zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "galu wapita". Mukapita kusikelo musangomukweza n'kubwerako, auzeni alangizi a zaumoyo zimene mwaona.

Wina asakunamizeni kuti mwana akuchedwa kuyankhula chifukwa pakhomo mumasakaniza Chichewa ndi Chiyao, kapena chifukwa agogo ake amamuyankhula m'Chilomwe. Ana amakula bwinobwino ndi ziyankhulo ziwiri kapena zitatu. M'boma ngati lathu lino, mwana wotere amakhala ndi anthu ambiri ocheza nawo.

Chachiwiri, kupatsana mpata

Kucheza kuli ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: musi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo aliyense amamvera kugunda kwa mnzake kuti adziwe nthawi yake. M'chaka cha 2009 ofufuza amene anajambula anthu akucheza m'ziyankhulo 10 za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti mpata wapakati pa funso ndi yankho umangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Ndiye kuti munthu amakhala akukonza yankho mnzake akadali pakati poyankhula. Luso lachangu chonchi munthu sangalipeze pongouzidwa, amachita kulizolowera kuyambira ali khanda.

Ndi khanda chitani chonchi. Mukamalisambitsa, mukamalidyetsa phala, kapena mwalitsitsa kumsana, liikeni poti liziona nkhope yanu. Likati "aguu", yankhani ngati lanena zanzeru: "Eee? Zoona? Ndiye zinatha bwanji?" Kenako khalani chete, muwerenge chamumtima mpaka 5. Kudikirako ndiye phunziro lenilenilo. Akuluakulufe timakonda kudzaza mpata wonse ndi mawu athu, mwana n'kusowa polowera. Akaloza nkhuku, tchulani: "Nkhuku! Ikudya chiyani nkhukuyo?" Wa zaka 2 akati "galimoto", inu onjezeranipo pang'ono: "Eya, galimoto yofiira, ikupita ku Liwonde." Akalakwitsa katchulidwe musamuuze kuti walakwa, ingobwerezani liwulo molondola m'yankho lanu. Ntchito imeneyi si ya amayi okha. Abambo, agogo ndi achemwali ake akuluakulu onse angaichite, ndipo mwana amapindula pomva mawu a anthu osiyanasiyana.

M'zaka za m'ma 1970 katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, ankapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenako mwadzidzidzi aumitse nkhope kwa kanthawi, osamwetulira, osayankha. Makandawo ankayesa kumwetulira, kukuwa, kutambasula manja kuti mayi awabwerere, ndipo zikakanika ankatembenukira kumbali n'kuyamba kulira. Zimenezi zimandibwerera m'maganizo ndikaona kholo maso ali pa foni, mwana akulikoka nsalu. Sindikunena kuti foni itayidwe, pajatu ambirife malonda athu ndi ndalama zathu zimadzera momwemo. Koma mwana akabwera ndi nkhani, igwadikeni kaye kwa mphindi ziwiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa TV kapena pa foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku. Kanema amayankhula ndithu, koma sadikira yankho la mwana. Kafukufuku wa mu 2018 wa ofufuza a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard ku America, pa ana a zaka 4 mpaka 6, anaonetsa kuti chimene chinkayendera limodzi kwambiri ndi luso la mwana pa chiyankhulo ndi kuchuluka kwa maulendo amene iye ndi wamkulu ankayankhana, kuposa kuchuluka kwa mawu amene ankangomva.

Chachitatu, moni usathere pa "ndili bwino, kaya inu"

Zoyambirira mukuzidziwa: kuodira pakhomo pa eni n'kudikira ayankhe, kudziwa "mwadzuka bwanji" ndi "mwaswera bwanji" nthawi yake, kunena kuti "inu" kwa wamkulu, kutchula amalume, azakhali, anganga moyenera. Pamwamba pa zimenezi onjezerani chinthu chimodzi: akatha moni, anenepo chiganizo china chimodzi chochokera kwa iye mwini. Mlendo asanafike muuzeni mwana kuti akubwera ndani ndiponso kanthu kamodzi kokhudza mlendoyo. "Akubwera agogo ako a ku Jali, mwendo unkawapweteka." Akatero mwana amakhala ndi pogwira: "Agogo, mwendo uja uli bwanji tsopano?" Nkhope ya agogo ikawala, mwana amaona yekha phindu la funso lake, ndipo ulendo wina sadikira kuti mumuuze. Ngati oyandikana nawo nyumba ndi Ayao, muphunzitseni kuwapatsa moni wa m'mawa kuti "Ajimwiche uli?"

Alendo akabwera musamathamangitse ana nthawi yomweyo. Asiyeni akhale nawo mphindi zingapo, amve mmene akuluakulu amayambira nkhani, mmene amafunsirana za kumudzi, za mvula, za odwala, kenako muwauze kuti akasewere. Nkhani zina ndi za akuluakulu okha, zoona, koma mwana amene sanaonepo kucheza akaphunzira kuti?

Pali zinthu ziwiri zimene makolo timachita mwachikondi koma zimam'bweza mwana m'mbuyo. China ndi kumuyankhira. Mlendo akafunsa kuti "uli Sitandade chani?", lumani mlomo, mudikire. Chinacho ndi kunena iye ali pomwepo kuti "ameneyu ndi wamanyazi". Mwana amakhulupirira zimene makolo ake amanena za iye. Ngati mukufuna kumuteteza, nenani kuti "amayamba wazolowera kaye, ayankhula bwinobwino".

Nkhani ya maso ndi yofunika kuifotokoza bwino. Kwathu kuno mwana akamayang'ana pansi poyankhula ndi wamkulu timati ndi waulemu. Koma tsiku lina adzakhala pamaso pa anthu omufunsa mafunso a ntchito, ndipo ena mwa iwo kuzyolikako adzakuona ngati kusadzidalira kapena kubisa kanthu. Muphunzitseni zonse ziwiri ndi malo ake. Kwa agogo ndi kwa mfumu atsitse maso. Kwa mphunzitsi, kwa dokotala, kwa anzake, adzutse nkhope, ayang'ane pang'ono n'kuchotsa maso, ndipo mawu atuluke omveka. Musamugwire chibwano n'kumukakamiza kuti "tandiyang'ana", chifukwa kwa ana ena kuyang'anana m'maso n'kowawitsa mtima kwenikweni.

Chachinayi, bwezeretsani nthano, ndagi ndi masanje

Makolo athu anali nazo kale zipangizo zophunzitsira zimenezi. Wokamba nthano akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tilitonse", ndipo amapitiriza kuyankha mpaka nthano ithe. Pamenepo mwana akuphunzira kuti womvera nayenso ali ndi ntchito yoonetsa kuti akutsatira. Magetsi akazima, kapena mukudikira ndiwo kuti zipse, kambani imodzi. Mukafika pakati imani n'kufunsa: "Kodi Njovu ikudziwa kuti Kalulu akuipusitsa? Nanga ikuganiza kuti chikuchitika n'chiyani?" Cha m'zaka 4 ana amayamba kuzindikira kuti munthu wina akhoza kukhulupirira chinthu chimene iwo akudziwa kuti n'chabodza, ndipo kuzindikira kumeneku ndiko kumathandiza munthu kudziika m'malo mwa mnzake. Mawa lake akambe ndi iyeyo, inu muziyankha "Tilitonse". Asokoneze, abwerere m'mbuyo, aiwale nyimbo yake, zilibe kanthu, musamulande.

"Ndagi!" ndi "Gize!" zimaphunzitsa kudikira ndi kuvomera kuti wagonja popanda kulira. Phada, fulaye ndi bawo n'chimodzimodzi. Masanje ndiye oposa onse, chifukwa ana amayenera kugwirizana kuti bambo akhala ndani, mayi ndani, fisi ndani, ndipo kukangana kumene kumabuka pamenepo ndi kumene kumawaphunzitsa kumvana. Musamathamangire kukaweruza kamkangano kalikonse. Ngati palibe akumenyedwa, imani patali mumvetsere. Zikafika povuta, funsani aliyense anene mbali yake mnzake ali chete, kenako muwafunse kuti "ndiye mupanga bwanji?" Mwana amene amakhala yekha mumpanda tsiku lonse, mupezereni anzake, kaya ku sukulu ya mkombaphala, ku Sande sukulu kapena ku madrasa. Wamanyazi ayambe ndi mnzake mmodzi, osati gulu.

Akaweruka kusukulu, funso loti "zinali bwanji?" limangobweretsa "bwino". Funsani chinthu chogwirika: "Pa buleki unakhala ndi ndani? Lero wakuseketsa ndani?" Akamafotokoza mosokoneza, mupatseni mafunso anayi oti azitsatira: anali ndani, kunali kuti, chinachitika n'chiyani, zinatha bwanji. Mafunso omwewa adzamuthandiza kwa ahedi, kupolisi ndi pabwalo la mfumu moyo wake wonse.

Chachisanu, mutumeni, koma muyeseze naye kaye

Timatuma ana tsiku lililonse, koma kawirikawiri timangowapatsa ndalama ndi chenjezo. Sandutsani kutumako kukhala phunziro. Yalani thumba pakhonde, muikepo timilu ta miyala, inu mukhale wogulitsa.

"Zikomo mayi, mwaswera bwanji? Tomato mulu ndi zingati?"

"K1,000, mwanawe."

"Ndipatseni milu iwiri. Basera musaiwale, mayi."

Akakupatsani K5,000, mubwezereni dala K2,000 yokha, muone chimene achite. Ana ambiri amaona kuti ndalama yaperewera koma amangonyamuka, chifukwa anaphunzitsidwa kuti wamkulu satsutsidwa. Apa ndi pamene mumupatse mawu oti anene: "Pepani mayi, ndinakupatsani K5,000, ndiye chenje chaperewera K1,000." Abwereze mpaka mawuwo azituluka osanjenjemera. Kenako sinthanani, iye akhale wogulitsa, inu wogula wovuta wokonda kunenerera.

Mukatero kwerani pang'onopang'ono. Tsiku loyamba pitani naye pa okala yapafupi, ayankhule ndi iye inu muli pambali. Tsiku lina muime patali. Kenako apite yekha. Akazolowera, mutengeni ku msika waukulu wa m'tauni kapena tsiku la msika ku Songani kapena ku Thondwe, kumene kuli phokoso ndipo ayenera kukweza mawu kuti wogulitsa matemba amumve. Pobwerera kambiranani. Musangoti "wachita bwino", tchulani chimene wachita: "Ndamva mmene unawadikirira amayi aja kuti amalize ndi kasitomala wina." Ngati china chalakwika, musamukonze pagulu, dikirani mufike kunyumba.

Chachisanu ndi chimodzi, kufunsa, kukana ndi kunena zakukhosi

Timati safunsa anadya phula, koma mwana akafunsa kawiri timamukalipira kuti sakumva. M'kalasi mwa ana ochuluka, mphunzitsi sangadziwe kuti uyu watsalira ngati mwanayo sanena. Yesezani naye kunyumba kuimika dzanja n'kunena kuti "Aphunzitsi, sindinamve, bwerezaninso." Inunso muzinena iye akumva: "Sindinamvetse, tafotokozanso." Akaona kuti bambo ake amafunsa popanda manyazi, amadziwa kuti kufunsa si uchitsiru.

Kukana ndiye kumafunika kwambiri, ndipo pano ndikunena molimba. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu aliyense akamuitana azipita, ndipo chilichonse chimene wauzidwa azivomera, ali pangozi. Muuzeni momveka kuti pali zinthu zimene ayenera kukana ngakhale wonenayo ndi wachibale kapena munthu wolemekezeka: kugwidwa malo obisika, kuitanidwa m'nyumba ali yekha, kupatsidwa ndalama n'kuuzidwa kuti asauze munthu. Ayeseze kunena mokweza kuti "Ayi, sindikufuna, ndikawauza amayi", n'kuchokapo. Ndipo tsiku limene adzabwere kudzakuuzani kanthu, mverani mpaka amalize musanakalipe, chifukwa mukamukalipira ulendo woyamba, wachiwiri sadzabweranso. Ana okulirapo adziwe nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana, imene bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba limayendetsa.

Mwana womenya anzake nthawi zambiri amakhala alibe mawu a zimene zikumuwawa. Mtima ukakhala pansi, osati pamene akulira, mutchulireni: "Unakwiya chifukwa anakulanda mpira." Pang'onopang'ono adziwe kusiyanitsa kukwiya, mantha, manyazi, nsanje ndi kutopa, ndipo adziwe kunena kuti "zandiwawa" dzanja lisanadzuke. Kupepesa nakonso kukhale ndi mutu. "Pepa" wongokakamizidwa saphunzitsa kanthu, koma "pepa, ndinakukankha, sindidzachitanso" amaonetsa kuti wadziwa chimene analakwa.

Tsopano akuluakulu

Munthu wa zaka 40 angaphunzire zonsezi, kungoti alibe womuyesezetsa, ndiye ayenera kudzikonzera yekha. Lembani malo amene pakamwa pamakuumirani, kuyambira opepuka mpaka ovutitsitsa: kufunsa mtengo, kuimbira foni munthu wosamudziwa, kufunsa funso kuchipatala, kuyankhula pamsonkhano, kupempha bwana tchuthi. Yambani ndi opepukawo, muwachite mobwerezabwereza mpaka mtima usiye kugunda, kenako musunthire pena. Mantha amachepa munthu akamakumana nacho chimene akuchiopacho, ndipo amakula akamachizemba. Wophunzira amene wangofika kumene ku yunivesite ya ku Chirunga kapena ku koleji ya Domasi kuchokera kumudzi, amene akuopa kuti Chingerezi chake chisekedwa, adziikire lamulo lofunsa funso limodzi pa sabata m'kalasi, ngakhale atachita kulilemba papepala.

Kuchipatala mzere umakhala wautali ndipo nthawi yoonana ndi dokotala ndi yochepa. Mukadali pa benchi konzani zinthu zitatu: chikukuvutani n'chiyani ndipo pati, chinayamba liti, mwamwapo kale chiyani, kuphatikizapo mankhwala achikuda. Yambani ndi chachikulu, osachisunga mpaka pomaliza. Musanatuluke bwerezani zimene mwauzidwa: "Ndiye mwati awiri m'mawa, awiri madzulo, ndikatha kudya, kwa masiku 5?" Ngati munamva molakwika, akukonzani pomwepo. Njira yobwerezayi imagwira ntchito paliponse, kwa mlangizi wa zaulimi, kubanki, ngakhale kwa mmisiri amene akukumangirani nyumba.

Pamsonkhano, kaya wa banki m'khonde, wa komiti ya sukulu kapena wa kwa mfumu, pitani ndi mfundo imodzi yokonzeratu ndipo muinene msonkhano ukadali koyambirira, chifukwa mukamadikira mantha amangokulirakulira. Lemekezani apampando, nenani mfundoyo, perekani chifukwa chimodzi, khalani pansi. Potsutsa, lozani nkhani osati munthu. Kunena kuti "m'bukumu ndikuona kuti ndalama za mwezi watha sizikugwirizana, tingawerengenso limodzi?" kumatsegula buku, pomwe kunena kuti "asungichuma mwatibera" kumatsegula mlandu.

Si onse amene vuto lawo ndi kukhala chete. Ena timayankhula mopitirira, ndipo anthu satiuza, amangoyamba kutizemba. Dziyeseni chonchi: mukasiyana ndi munthu, dzifunseni chatsopano chimene mwadziwa za iye. Ngati palibe, munayankhula nokha. Ulendo wotsatira funsani mafunso awiri musanakambe zanu, ndipo funso lachiwiri lichokere pa yankho la loyamba. Mnzanu akamakuuzani mavuto ake musathamangire kunena kuti "inenso zinandichitikira", kapena kumupatsa malangizo amene sanapemphe. Yang'ananinso thupi lake: akayamba kuyang'ana kumsewu, kuyankha mwachidule kapena kusuntha mapazi, nthawi yotsanzika yakwana.

M'banja, mawu oti "iwe nthawi zonse" ndi "sunayambe wachitapo" amayatsa moto chifukwa mnzanu amayamba kufufuza tsiku limene anachitapo, nkhani yeniyeni n'kuiwalika. Tchulani chinthu chimodzi, tsiku lake, mmene chinakukhudzirani, ndi chimene mukupempha: "Dzulo munabwera usiku osandiuza, ndinada nkhawa. Mukamachedwa muzindiimbira." Sankhani nthawi, osati munthu akungofika kumene ndi njala, osatinso pamaso pa ana. Nkhani zambiri zimene zimafika kwa ankhoswe zikanatha kuchipinda zikanakambidwa chonchi zikadali zazing'ono. Kumbukiraninso kuti ana akumvetsera, ndipo mmene inu awiri mumayankhulirana ndi mmene iwo adzayankhulire ndi anzawo.

Pamaliro mawu ochepa amakwana. Khalani pansi, pepesani, khalani nawo. Musafunse mwatsatanetsatane za matenda pokhapokha anamfedwa atayamba okha. Pa foni, perekani moni, nenani dzina lanu ndi chimene mwaimbira, ndipo funsani ngati ali ndi mpata. Mkangano musauthetsere pa WhatsApp, chifukwa uthenga wolemba sunyamula kamvekedwe ka mawu, ndipo wowerenga amauwerenga ndi mtima umene ali nawo panthawiyo. Nkhani ikayamba kutentha, imbani kapena kaonaneni.

Pamene kuyeseza pakhomo sikukwanira

Chibwibwi chimakonda kuyamba pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo ana ambiri chimawathera. Musamuseke, musamumalizire mawu, musamuuze kuti "tayankhula bwino". Inuyo yankhulani modekha, mumupatse nthawi, ndipo muletse abale ake kumuyerekeza. Chikapitirira miyezi ingapo, kapena mwana akayamba kuopa kuyankhula, kafunseni kuchipatala.

Mwana amene pofika chaka ndi theka saloza zinthu, satembenuka akaitanidwa ngakhale makutu ali bwino, sasewera zoyerekeza, amabwerezabwereza zinthu zomwezomwezo, ndipo amavutika kwambiri zinthu zikasintha, akhoza kukhala ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu. Sanalodzedwe, ndipo si kulephera kwa amake. Kumenya sikuthandiza, kumubisa m'nyumba kumangowonjezera vuto. Ana otere amathandizika ndi mawu afupiafupi, zithunzi, zizindikiro zamanja ndi ndondomeko ya tsiku yosasinthasintha, ndipo thandizo likayamba msanga limapindula kwambiri. Mwana aliyense amene ankayankhula kenako n'kusiya, apite kuchipatala osadikira. Palinso ana amene kunyumba amalongolola koma kusukulu satulutsa liwu kwa miyezi. Amenewa ndi mantha aakulu, si mwano, ndipo chilango chimangokulitsa manthawo.

Wamkulu amene mwadzidzidzi mawu ayamba kusokonekera, pakamwa papotoka, kapena dzanja lafooka mbali imodzi, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa ikhoza kukhala sitiroko. Akabwerako mawu akuvutabe, muziyankhula naye ngati wamkulu, mufunse mafunso oyankha kuti eya kapena ayi, ndipo musamakambe za iye ngati palibe. Amene mantha a anthu afika pomulepheretsa kupita kuntchito, kusukulu kapena kumapemphero, akaonane ndi a zaumoyo wamaganizo. Limeneli ndi vuto lodziwika ndipo limathandizika.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, iwo akutumizani ku Zomba Central Hospital ngati pakufunika kutero. Zoyeza makutu mozama zimapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kusukulu funsani ahedi ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kwa mwana wosamva, chinenero chamanja chiyambike msanga ndipo banja lonse liphunzire, asamakhale yekha pakati pa abale ake. Popita kukaonana ndi adokotala tengani buku lake la kuchipatala, kapepala kamene munalembapo zimene munaona m'sabata ija, ndiponso kavidiyo kakafupi ka pa foni koonetsa mmene amachitira kunyumba, chifukwa m'chipinda chachilendo mwana akhoza kungokhala chete osaonetsa chilichonse mwa zimene mwabwerera.